A Lawani-Kaye ndi Nkhuku Zawo za Kameta

Malemu a Ezra Mukhuna a ku Lirangwe ankalawa gaga. Osati chifukwa cha njala ayi. Kunyumba kwawo chakudya chinalipo, ndipo akazi awo, a Lucia, ankadziwa kuphika. Koma gaga aliyense wopita kwa nkhuku zawo ankayamba wadutsa palilime la mwini khola. Ankapisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, n'kutapa wapansi penipeni, n'kumufinya, n'kumununkhiza, kenako n'kuponya pang'ono mkamwa. Ankatafuna maso ali kumwamba ngati munthu wofuna kukumbukira nyimbo, n'kulavula. Akati "Eya," nkhuku zidya. Akati "Chuku," ndiye kuti thumba lonselo laweruzidwa, ndipo apilo panalibe. N'chifukwa chake anthu anawapatsa dzina loti a Lawani-Kaye.

Pamaliro timakonda kunena kuti womwalirayo anali wofatsa, wosayambana ndi anthu. Za a Ezra tisanamizane. Sanali ofatsa, ndipo anayambana ndi aliyense woweta nkhuku kuyambira ku Mdeka mpaka ku Chileka. A Lucia ankanena poyera kuti iwo anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu anali khola.

Nkhukuzo zikanakhala zokongola, bwenzi a Lucia akupirira mosavuta. Koma zinali za kameta, zija za khosi lopanda nthenga, lofiira ngati lapsa ndi madzi otentha. A Lucia ankati zimaoneka ngati zinapulumuka m'manja mwa munthu ali pakati pozisosola. A Ezra ankati mtundu umenewo si wamba. Thadzi loyamba anabwera nalo ndi agogo awo aakazi kuchokera ku Mozambiki, atalibereka kumbuyo, pamene mwana weniweni, bambo awo a Ezra, ankayenda pansi akulira. Khosilo akuti linasosoka ndi mbereko paulendo womwewo. Nkhaniyi inkakula chaka ndi chaka. Pofika kumapeto, thadzilo linali litawoloka Ruo losambira, n'kuthamangitsa fisi kuseri kwa phiri la Mulanje. Koma pachinthu chimodzi a Ezra sankaseka: mbewu ya nkhuku za agogo isathere m'manja mwawo.

Mbewuyo inatsala pang'ono kutha m'chaka chimene anakwatirana ndi a Lucia. Kunagwa mvumbi wosalekeza, denga la khitchini n'kudonthera pathumba la gaga. Gagayo anagwirana mibulu, n'kuyamba kubiriwira ndi kuda. A Ezra anachita zimene tonse timachita. Anati, "N'za nkhuku izi, nkhuku sidziwa chowola," n'kuzikhuthulira. Anapiye ndiwo anayamba kugwetsa mapiko. Mathadzi analeka kuikira. Atambala ankangoima pakona ngati akuganizira mlandu, mpaka zonse zinayamba kugwa imodziimodzi. Ena anati ndi chitopa. Ena anati ndege za ku Chileka zikuuluka motsika kwambiri masiku ano. Ena anatchula dzina la mayi wina wokalamba amene sanalakwe kanthu. A Ezra anang'amba imodzi n'kupeza chiwindi chotupa, chachikasu, chongonyenyeka chokha. Nkhuku za oyandikana nawo, zimene sizinadye gaga uja, zinali kupalasa bwinobwino. Pakhomo panatsala thadzi limodzi lokha, limene linkafungatira mazira patchire kuseri kwa bafa ndipo silinkabwera kudzadya ndi zinzake.

Tsiku limenelo a Ezra analumbira pamaso pa mkazi wawo: "Chimene sindingachiike mkamwa ine, nkhuku ya agogo sidya."

A Lucia anayesa ndi chimfine, chitha chokha. Anakalamba nacho.

Amene anazunzika kwambiri pambuyo pa a Lucia anali Che Amadi, ogulitsa gaga pafupi ndi chigayo cha pamsika. Akangoona njinga ya a Ezra ikukhota, ankayamba kupukusa mutu.

"Madala, lero mwabwera kudzagula kapena kudzadya?"

"Tsegulani thumbalo."

"Ili lapamwambali ndi lotsegula kale."

"Lapamwamba ndi la alendo. Ine ndikufuna ilo mwakhalirapolo."

Che Amadi ankadzuka akudandaula msana. Dzanja la a Ezra linkalowa mpaka kusowa.

"Mwatentha m'katimu. Gaga wouma satentha, Che Amadi. Munamuthira m'thumba asanaume."

"Ndi dzuwa limenelo, madala."

"Dzuwa limalowa pansi pa munthu wokhala?"

Anthu ogaitsa ankasiya matumba awo pamzere kudzaonerera. A Lucia, akakhala kuti ali pamsika pomwepo, ankabisala kuseri kwa ogulitsa kaunjika n'kumayesa madiresi amene sankafuna kugula. Koma Che Amadi anali munthu wa malonda. Atatopa ndi kunyozedwa, anayamba kuyanika gaga wawo mpaka kuuma gwa, ndipo a Ezra akangoti "Eya," iwo ankakuwa msika wonse kumva: "Gaga wolawidwa kale uyu! Wadutsa kwa dokotala!"

Gaga wolephera mayeso akapezeka pakhomo pawo, a Ezra sankamutaya kudzala, poti nkhuku zikamupalasa. Ankamukumbira dzenje lakuya kuseri kwa nyumba, n'kukwirira, n'kupondaponda, n'kuikapo mwala.

"Bambo a Vanessa, bwanji osapatsa aneba athu a Mark akadyetse nkhumba zawo?" ankatero a Lucia.

"Nkhumba ilibe chiwindi?"

"Ndiye apatseni amayi aja ophika kachasu."

"Anthu omwa kachasu akudzipha okha. Sindine ndikawamalize."

"Kuseri kuno manda achuluka kuposa ku mishoni."

"Koma m'khola mulibe maliro. Mwaona kusiyana kwake?"

Tsiku lina lilime linawapereka. Analawa gaga wina amene sanayenere n'komwe kufika pakamwa, ndipo m'mimba munawapotokola mpaka a Lucia anawakweza pakabaza kupita nawo kuchipatala. Namwino atamva chimene chinachitika, anawakalipira ngati mwana wa sukulu. Anati poizoni wa chuku sasankha, amawononga chiwindi cha nkhuku ndi cha munthu yemwe, ndipo nthawi zina sanunkha, sawawa, saoneka. A Lucia anaona ngati Mulungu wayankha pemphero lawo la zaka zambiri. Atangotuluka pachipata, a Ezra anatembenuka nkhope ili ngwee.

"Mwamva, mayi a Vanessa? Achipatala avomereza kuti ndi poizoni."

"Anena kuti muleke kulawa!"

"Anena kuti lilime lokha silikwanira. Tiwonjezere kuyanika."

Kuyambira pamenepo gaga ankagulidwa pang'onopang'ono kuti asagonere. Thumba linakwera pamatabwa, kutali ndi khoma. Ziwiya zodyera nkhuku zinkatsukidwa kuposa mbale za anthu. Dzuwa likangotuluka, mphasa yatsopano imene a Lucia anasungira alendo inkapezeka pabwalo itadzaza gaga, alendowo atakhala panjerwa. Kulawa sanaleke. Anangoyamba kulavulira patali.

Koma chimene a Lucia sanakhululuke msanga ndi cha pachinkhoswe cha mwana wawo Vanessa. Mnyamatayo anali wa ku Madziabango, mwana wa a McDonald, mkulu wa mpingo, munthu wolemekezeka woyankhula motsitsa. Mwambo wake timaudziwa: akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubweza msoti. Aliyense ankadziwa kuti msotiwo uchokera m'khola la a Ezra. Kutatsala masiku ochepa, a Ezra anapalasa njinga ulendo wonse uja, ati kukapereka moni kwa asewere. Anawalandira bwino, tiyi ndi chinangwa. Ali pakati pakumwa, anapempha kuti awalozere kuchimbudzi. Atachedwa kubwerera, a McDonald anawatsatira, n'kuwapeza atagwada kuseri kwa nkhokwe, dzanja lili m'ndowa.

"Asewere, chimbudzi chili uko."

"Ndachiona. Ichi n'chiyani?"

"Chimanga chimene tinasankha pokolola, chowolacho. N'cha nkhuku."

"Nkhukuzo zinakulakwirani chiyani?"

"Aa, asewere, nkhuku imadya ndi mphemvu zomwe."

"Mphemvu ndi ndiwo. Ichi ndi manda."

A Ezra anafika kunyumba thukuta lili kamukamu, n'kulengeza asanatsike n'komwe panjinga: "Mwana atenge. Nkhuku ayi."

A Lucia anakhala pansi pomwepo.

"Mwana wobereka nokha mukumupereka osalawa kanthu, koma nkhuku ya khosi lakupsa ndiye mukuikaniza?"

"Vanessa ali ndi pakamwa. Akamupatsa zowola akana, ndipo ndikumudziwa, watengera inu. Nkhuku ikana bwanji?"

Ankhoswe anabwera kudzawanyengerera. Vanessa analira. A Ezra anangoti akuchimuna akayambe akwirira ndowa ija, ndipo a McDonald atamva, anayankha mwaulemu kuti pakhomo pawo salamulidwa ndi munthu wobwera kudzapempha chimbudzi. Motero patsiku la chinkhoswe, pamaso pa anthu a midzi iwiri, nkhoswe ya kuchikazi inanyamula nkhuku yoyera ya chizungu yogula ku Lunzu, yonenepa mwakuti siinkatha kuima yokha. Anthu analuluta, koma aliyense anaona. Potsanzikana, a McDonald anagwira dzanja la a Ezra n'kunena motsitsa, "Msoti wa kameta uja tidzautenga tsiku lina, asewere." Ndipo chaka chilichonse ankaupempha, pa Khirisimasi, paubatizo wa zidzukulu, ngakhale pamaliro a anthu ena. Yankho linali lomwelo: "Ndowa ija ilipobe?"

Madzulo a chinkhoswecho a Lucia analankhula mawu amene anawabwereza zaka zonse zotsatira.

"Tsiku mudzafe inu, ndidzazidya zonse. Ndidzagula za mikolongwe, zakuda bwino, zokhala ndi makosi ngati nkhuku za anthu."

"Mudzayambe mwalawa kaye," anatero a Ezra, akutseka khola.

Anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Ena ankanong'ona kuti gaga wawabwezera, koma achipatala anati ndi chibayo. Anachitenga tsiku limene ananyowa akufolera khola, pamene denga la kuchipinda kwawo linali kudonthera pabedi.

Anthu anabwera ambiri, ena kudzalira, ena kudzatsimikiza. Zophikaphika anaziyang'anira a Lettie, mchemwali wa malemu, mayi wa changu amene sankafunsa kawiri. Ndiwo zinali pafupi. Adzukulu okumba manda anafuna nkhuku. Abusa sakanadya nyemba. Alendo a ku Blantyre anabwera pagalimoto, ndiye anayenera ulemu. A Lucia anali m'nyumba pambali pa bokosi, atafunda chitenje kumutu, amayi a Mvano atawazungulira, monga namfedwa ayenera kukhalira. Kulira kwa nkhuku iliyonse yogwidwa ankakumva bwino, koma sananene kanthu. Nanga si iwo amene analumbira kuti adzazidya zonse? Pofika m'mawa wa tsiku loika, m'khola munali mbee. Panatsala thadzi limodzi, limene linapulumuka chifukwa linali ndi anapiye, poti nkhuku yolera sitiipha.

Mwezi umenewo ndi wa njala, ndipo chimanga chimene anthu anasonkha kudzathandiza pamaliro chinali chokokola pansi pa matumba, china chonyowa, china chakuda. Amayi anakhala kuseri kwa nyumba ndi malichero, akusankha kuti chabwinocho chipite kuchigayo. Zenera la chipinda chimene munali bokosi linali lotsegula. Nyimbo ili pakati, a Lucia anamva mawu a a Lettie: "Zowolazo musavutike nazo, ingowazirani nkhukuyo." Kenako anamva chimanga chikugwa pansi kuti waa, ndi thadzi lija likuitana ana ake.

Zaka zonse zija a Lucia ankati samvetsera zokamba za amuna awo. Zinapezeka kuti thupi lawo linkamvetsera. Anadzuka.

Amayi a Mvano anayesa ndi chisoni chawakwera kumutu. Anawagwira m'chiuno. "Limbani mtima, mayi, limbani mtima."

"Ndisiyeni!"

Anadumpha miyendo ya anthu ngati mtsikana wosewera fulaye, chitenje chili m'khosi. Nyimbo inadukira pakati pa vesi. Pakhomo anatola tsache, n'kuzungulira nyumba liwiro, abambo okhala pansi pa mtengo wa mango akuimirira mmodzimmodzi.

"Shii! Shii! Choka apo!"

Thadzi linathawira pansi pa thandala ndi ana ake. A Lettie anagwira pakamwa.

"Alamu, mwapenga? Namfedwa satuluka mtembo uli m'nyumba!"

"Mwini wake sanatuluke n'komwe pakhomo pano, inu mwayamba kale kuthira chuku pabwalo pake?"

"Iii, alamu, ndi nkhuku chabe."

"Nkhuku chabe? Agogo anu anayenda nayo kumsana kuchokera ku Mozambiki, bambo anu akuyenda pansi! Mwazidya zonse, sindinanene kanthu. Yatsala imodziyi, ndiye muiphe ndi zowola?"

"Anthu akuona, alamu. Lowani m'nyumba."

A Lucia anawerama, n'kutapa chimanga chakuda chija chodzaza dzanja, n'kuchifikitsa pamphuno pa a Lettie.

"Lawani."

"Ati chiyani?"

"Lawani kaye. Mukameza inu, nkhuku idya."

Pabwalo panangoti zii. Ngakhale mwana amene ankalira kumbuyo kwa mayi ake analeka. Ndiye kuchokera pansi pa mango paja anamveka mawu a Che Amadi, osakweza koma omveka: "Anthuni, tsegulani bokosilo muone. Madala aja sanafe." Munthu wina anatsamwa, wina n'kulephera kudzigwira, ndipo posakhalitsa maliro onse anali kugwedezeka mapewa, ena akuseka misozi ili chuchuchu osadziwa kuti ndi ya chiyani.

A Lucia sanaseke. Anasesa pabwalopo, kenako anagwada m'matope n'kutola njere imodziimodzi zimene tsache linasiya. Adzukulu anali atangofika kuchokera kumanda, makasu ali paphewa. Anawaitana.

"Musatule. Kuseri konkuno kuli malo. Likhale lakuya, ndipo muikepo mwala."

Mkulu wa adzukulu anayang'ana anzake. "Mayi, maliro awiri tsiku limodzi?"

"Nkhuku mwadya zingati?"

Anakumba.

Kenako a Lucia anagwira thadzi lija, n'kuliika m'dengu pamodzi ndi anapiye ake, n'kulowa nalo m'nyumba. Analikhazika pambali pa bokosi, n'kukhala pamalo pawo, n'kufundanso chitenje kumutu. "Pitirizani nyimbo ija," anatero. Mwambo wonse anapiye ankangolira m'dengumo. Ndipo pamene woyankhula m'malo mwa banja anafika poti malemu anali munthu wofatsa, wosayambana ndi anthu, thadzi linatulutsa khosi lake lofiira n'kutetera mokweza, mpaka abusa anayang'ana pansi n'kumatsegula Baibulo pamalo pamene sankafuna kuwerenga.

Tsopano pamsika pa Lirangwe pali bata limene sitinalizolowere. Chigayo chikulira monga kale, koma palibe amene amasiya thumba pamzere kukaonerera kanthu. Che Amadi amakhalira thumba lawo tsiku lonse popanda wowadzutsa, ndipo amati msana wawo wayamba kuwawa chifukwa chokhalitsa. Gaga amayanikabe. Akuti akafuna kuthira wonyowa m'thumba, amamva ngati njinga ikukhota. Mvumbi ukagwa, nkhuku zimafabe m'makomo mwina, anthu n'kumati chitopa, ndipo palibenso wobwera osaitanidwa kudzagwada kuseri kwa nkhokwe n'kutiyambanitsa. Tinkati tidzapuma. Kupumako sikukoma monga tinkaganizira.

Anapiye aja anakula onse. Pakhomo pa a Lucia padzazanso makosi ofiira, oipa ngati kale. Za mikolongwe sanagule, ndipo munthu akawakumbutsa amati sanazipeze zabwino. Gaga amamufinya, amamununkhiza, amamuyanika pamphasa ya alendo. Kulawa salawa. "Ine sindine wopenga ngati malemu," amatero, ngakhale Vanessa akuti tsiku lina anawapeza ali ndi kagaga pamlomo, iwo n'kunena kuti ndi mphepo.

Chirimwe chathachi a McDonald anabwera kuchokera ku Madziabango, akuyenda ndi ndodo tsopano. Anakhala panjerwa, poti mphasa inali ndi ntchito. Anamwa tiyi, anakamba za mvula, za zidzukulu, za mmene malemu akusowekera. Kenako anayang'ana msoti wina umene unkapalasa pafupi ndi phazi lawo, n'kutsokomola pang'ono.

"Asewere, nkhani ija ya kalekale. Poti mwini wake anapita, ndimati mwina tsopano..."

"Msoti ulipo, asewere. Ndi wanu ndithu, unachedwa."

Nkhope ya a McDonald inawala. Anayamba kupinda manja a malaya kuti augwire.

"Musavutike lero," anatero a Lucia, akutolera makapu. "Ndibwera Loweruka kudzaona chimene mumazipatsa."

"Aa! Ndi inunso, asewere?"

"Ndipo musadzandionetse thumba lapamwamba. Ndidzafuna lija lapansi."